Makadi Amene Adalonjeza Amayi Mpumulo

M'dziko la Amereka, pakati pa chaka cha 1876 ndi chaka cha 1900, mayi akapita kusitolo kukagula shuga, sopo kapena mafuta a nyale, kawirikawiri ankabwerako ndi kanthu kena kamene sadalipire. Wasitolo ankatapa kapepala kolimba pa mulu umene unkakhala pakauntala, n'kukaika m'phukusi la katundu. Kapepalako kadali kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, mainchesi atatu m'lifupi ndi asanu m'litali, mwinanso kucheperapo. Kumaso kwake kudali chithunzi cha mitundu yowala, kumbuyo kwake kudali mau otamanda katundu wina, ndipo m'munsi mwake mudali dzina la sitoloyo ndi la msewu umene idali. Timapepala timeneti tinkatchedwa makadi amalonda, ndipo m'zaka 25 zimenezo adasindikizidwa miyandamiyanda.

Makadi amenewa ankatsatsa katundu wamtundu uliwonse, monga ulusi, mankhwala, nsapato, mbewu ndi makina osokera. Koma mwa onsewa, amene ali ndi phunziro lalikulu ndi aja otsatsa zipangizo za m'khitchini ndi zochapira, monga zopukusira mazira, zogayira nyama, zosendera zipatso, simbi zositira ndi zitofu. Makadi a gulu limeneli ankalankhula ndi munthu mmodzi, ndiye mayi wapanyumba, ndipo lonjezo lawo lidali limodzi, lakuti akagula kachipangizo kakutikakuti ntchito yake idzachepa ndipo adzapeza nthawi yopuma. Popeza papita zaka zoposa 120, n'kotheka tsopano kuyerekeza lonjezolo ndi zimene zidachitikadi m'makhitchini a nthawi imeneyo, ndi kuona pamene lidakwaniritsidwa ndi pamene lidalephera.

Chiyambi cha makadi amalonda n'chakale ndithu. M'mizinda ya London ndi Paris, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, amisiri ndi eni masitolo ankasindikitsa timapepala tofotokoza ntchito yawo ndi kumene ankapezeka. Masiku amenewo nyumba zambiri zidalibe manambala, choncho pakapepalapo ankajambulapo chizindikiro chimene chidapachikidwa pakhomo pa sitolo kuti wogula asasochere. William Hogarth, amene pambuyo pake adatchuka kwambiri pa luso lojambula, adadzizokotera khadi lake m'chaka cha 1720 pamene ankayamba ntchito. Komabe makadi a nthawi imeneyo adali a inki yakuda yokha, ankazokotedwa pamkuwa ndi dzanja, ndipo mtengo wake udali wokwera. Pachifukwa ichi ankafika kwa anthu ochepa okha, aja opeza bwino.

Chimene chidasintha zinthu ndi njira yatsopano yosindikizira ndi mwala, imene Alois Senefelder adaitulukira ku Munich, m'dziko la Jeremani, m'chaka cha 1796. Chinsinsi chake n'chodziwika kwa aliyense amene adatsukapo mbale ya mafuta: madzi ndi mafuta sizigwirizana. Mmisiri amatenga mwala wanjereza wosalala bwino, n'kujambulapo ndi choko chamafuta. Kenaka amanyowetsa mwalawo, ndipo madzi amakhala paliponse kupatula pamene padutsa chokocho. Akapakapo inki, imenenso ndi yamafuta, imakana ponyowa ponse n'kumata pa chojambulacho pokha. Akatsindikirapo pepala, chithunzi chimatuluka, ndipo mwala umodzi ungathe kutulutsa mapepala zikwizikwi. Miyala yabwino koposa inkakumbidwa ku Solnhofen, m'chigawo cha Bavaria, ndipo inkatumizidwa pa sitima zapamadzi mpaka ku Amereka.

M'chaka cha 1837 Godefroy Engelmann wa ku Falansa adalandira chiphaso cha boma chomuzindikira kuti ndiye mwini njira yosindikizira zithunzi zamitundumitundu ndi miyala. Mtundu uliwonse unkafuna mwala wakewake, ndipo pepala limodzi linkadutsa pa miyala yonseyo motsatana: wachikasu, wofiira, wobiriwira, mpaka wakuda. Pepala likangosuntha pang'ono, milomo ya munthu wojambulidwayo inkapezeka ili patsaya. Ku Amereka katswiri wa ntchitoyi adali Louis Prang, amene adabadwira ku Breslau m'chaka cha 1824, nafika ku Amereka mu 1850, nakhazikitsa nyumba yosindikizira ku Boston. Zithunzi zake zapamwamba zinkafuna miyala 20 kapena kuposa, koma makadi amalonda ankafuna yochepa, ndipo ankasindikizidwa ambirimbiri pa pepala limodzi lalikulu, kenaka n'kudulidwa. Makina oyendera nthunzi atalowa m'nyumba zosindikizira, mtengo wa khadi limodzi udatsika kwambiri kotero kuti wamalonda ankatha kulipereka kwaulere osamva kuwawa.

Mbiri ya makadiwa idafalikira pa chionetsero chachikulu chimene chidachitikira ku Philadelphia m'chaka cha 1876, pokumbukira zaka 100 za ufulu wa dziko la Amereka. Kuyambira mwezi wa May mpaka November anthu pafupifupi 10 miliyoni adalowa pazipata za chionetserocho, ndipo ambiri mwa iwo adali ochokera kumidzi ndi m'timatauni takutali. Kumeneko adaona lamya ya Alexander Graham Bell ndi makina ena odabwitsa, koma chimene adatha kunyamula pobwerera kwawo ndi makadi amene amalonda ankagawa pamalo awo oonetsera katundu. Nyuzipepala ndi magazini a nthawi imeneyo adali a inki yakuda, ndipo m'nyumba za anthu wamba chithunzi chamitundu chidali chinthu chosowa. Tsono munthu wopatsidwa chithunzi chotere kwaulere sankachitaya.

Makadi adalipo amitundu iwiri. Ena adali aja amene wosindikiza ankakonzeratu ambiri, a maluwa, ana, amphaka kapena mbalame, n'kusiya malo opanda kanthu kuti wasitolo aliyense adindepo dzina lake. Khadi lomwelo la mwana wonyamula maluwa linkatha kutsatsa nsapato m'tauni ina ndi mapoto m'tauni inanso. Ena adali aja amene kampani yopanga katundu inkaitanitsa mwapadera, oonetsa katundu wake weniweniyo ali pantchito, ndipo inkawatumiza kumasitolo pamodzi ndi katunduyo. Ana ndi atsikana achisodzera ankatolera makadi onsewa, kusinthana ndi anzawo, ndi kuwamata ndi phala la ufa wa tirigu m'mabuku akuluakulu amene ankaikidwa m'chipinda chochezera kuti alendo aziona. Amalonda adazindikira msanga phindu la khalidwe limeneli. Nyuzipepala ya lero mawa inkakolezera moto, pamene khadi linkakhala m'nyumba zaka zambiri, ndipo mwana wofuna kukwaniritsa gulu la makadi ake ankaumiriza mayi wake kubwerera kusitolo komweko.

Opanga zipangizo za m'khitchini ndiwo ankafuna makadiwa koposa amalonda ena. Mchere kapena shuga safuna kulongosola, pakuti aliyense amadziwa ntchito yake. Koma kachitsulo kokhala ndi magiya, chopukusira ndi chomangira patebulo kadali kachilendo, ndipo mayi amene agogo ake ndi amayi ake ankadula nyama ndi mpeni sakadatulutsa ndalama zake asadaone kuti kanthuko kamagwira bwanji. Motero kumaso kwa khadi ankajambulako munthu akugwiritsa ntchito chipangizocho mokondwa, ndipo kumbuyo ankaikako chithunzi chachiwiri chosonyeza ziwalo zake, kukula kwake kosiyanasiyana, mitengo yake, ndi kuchuluka kwa ntchito imene chingagwire pa mphindi imodzi. Khadi lidali wotsatsa malonda komanso mphunzitsi, ndipo phunziro lake loyamba lidali lakuti njira imene mayiyo adaphunzira kwa makolo ake njotopetsa ndiponso yachikale.

Chitsanzo chabwino cha lonjezo limene lidakwaniritsidwa ndi simbi ya Mary Florence Potts, mayi wa ku Ottumwa m'chigawo cha Iowa. Simbi za nthawi imeneyo zidali zachitsulo chokhachokha, zolemera mapaundi asanu kapena kuposa, ndipo zinkatenthetsedwa pamwamba pa chitofu. Popeza chigwiriro chidali chachitsulo chomwecho, nacho chinkatentha, ndipo wosita ankachikulunga ndi sanza koma n'kumapsabe manja. M'chaka cha 1871 Mayi Potts adalandira chiphaso cha simbi yokhala ndi chigwiriro chamtengo chochotseka. Simbizo zinkagulitsidwa zitatu pamodzi ndi chigwiriro chimodzi, kuti pamene imodzi ili pantchito ziwiri zizitentha pachitofu. Simbiyo idalinso yosongoka mbali zonse ziwiri, kuti iziyenda chamtsogolo ndi cham'mbuyo momwe. Idaonetsedwa ku Philadelphia mu 1876, ndipo makadi ena oitsatsa adali ndi nkhope ya Mayi Potts mwini wake. Chimenechi chidali chachilendo m'masiku amene amayi ankaoneka pamakadi ngati ogula okha. Apa khadi linkanena zoona, pakuti manja a amayi adalekadi kupsa.

Chopukusira mazira chili ndi nkhani yosiyanako. M'chaka cha 1870 Turner Williams wa ku Providence adalandira chiphaso cha chipangizo chokhala ndi timapiko tiwiri tawaya tozungulira molowana, toyendetsedwa ndi gudumu laling'ono lopukusa ndi dzanja. Kampani ya Dover Stamping ya ku Boston ndiyo inkachipanga, ndipo chidafala kwambiri kotero kuti anthu adayamba kutchula chopukusira mazira chilichonse kuti Dover. Ngakhale buku lotchuka la maphikidwe la Fannie Farmer, limene lidatuluka m'chaka cha 1896, limatchula dzina limeneli polangiza ophika. Kale kumenya madzi oyera a mazira ndi foloko kapena timitengo mpaka atachita thovu louma inali ntchito yothyola mkono, ndipo keke zofuna thovu lotere zinkaphikidwa m'nyumba za olemera mokha, mmene mudali antchito. Chipangizochi chitafika, ntchito ija idapepukadi. Koma nthawi yomweyo keke yoyera yofewa imene anthu a kumeneko amaitcha keke ya angelo, yofuna mazira 10 kapena 12, idasanduka chinthu chimene mayi aliyense wodzilemekeza ankayembekezeredwa kuphika. Nthawi imene chipangizo chidamuombolera idathera pa chakudya chimene amayi ake sankaphika n'komwe.

Opanga makina ofinyira zovala ankakonda makadi opindika, amene ankasintha chithunzi munthu akawatambasula. Khadi lili lopinda, pankaoneka mayi wotopa, tsitsi lili nyankhalala, akufinya nsalu ndi manja, ana akulira ndipo bambo ali ndwii chifukwa chakudya chachedwa. Likatambasulidwa, banja lomwelo linkaoneka losekerera, mayi atavala bwino, makina ofinyira ali pambali pake. Ana ankakondwera ndi masewera amenewa, koma uthenga wake udali wa akuluakulu: mtendere wa banja wagona pa kugula. Ndipo n'zochititsa chidwi kuti pamakadi ambiri otere wodandaula ndi mwamuna, ngakhale wogwira ntchitoyo ndi mkazi. Otsatsa ankadziwa kuti m'mabanja ambiri chikwama chidali m'manja mwa bambo, choncho adayenera kumuonetsa kuti kutopa kwa mkazi wake kukumupweteka iyenso.

Kampani imene idagwiritsa ntchito makadi mwaluso koposa ndi ya Enterprise ya ku Philadelphia. Iyo inkapanga zogayira nyama, timphero ta khofi, zofinyira zipatso, zochotsera njere m'mphesa zouma, ndiponso simbi za Mayi Potts zomwe. Pa chionetsero cha ku Chicago cha m'chaka cha 1893, chokumbukira zaka 400 chifikire Christopher Columbus ku Amereka, kampaniyi idagawa gulu la makadi oonetsa anthu otchuka a m'mbiri ya dzikolo akugwiritsa ntchito kapena kuyamikira zipangizo zake, pamodzi ndi timavesi toseketsa. Aliyense ankadziwa kuti anthu amenewo adamwalira makinawo asadapangidwe, ndipo nthabwala yake idali pomwepo. Komabe nthabwalayo idali ndi cholinga, pakuti inkagwirizanitsa kachitsulo kogayira nyama ndi ulemerero wa dziko, ngati kuti kugula makina n'kutengako mbali pa chitukuko cha fuko lonse. Kampani zinanso zidachita zofananako. Abale awiri a banja la Niedringhaus a ku St. Louis, opanga mapoto ndi maketulo achitsulo okutidwa ndi utoto wolimba wonga galasi, adatsatsa ziwiya zawo pamakadi okongola a amayi akumwa tiyi, ndipo malonda awo adakula mpaka adamanga tauni yatsopano ya Granite City, imene idakhazikitsidwa mu 1896.

Tsono funso n'lakuti, kodi makadiwa ankabisa chiyani? Choyamba ndi chitofu. Pamakadi, chitofu chachitsulo chinkaoneka chonyezimira, chili pakati pa khitchini yoyera, mayi ataima pambali pake ndi epuloni yopanda banga. M'chaka cha 1899 sukulu ina yophunzitsa zapakhomo ku Boston idayesa kuwerengera ntchito yosamala chitofu cha malasha kwa masiku asanu ndi limodzi. Idapeza kuti padalowa mapaundi 292 a malasha, ndipo kukoleza moto, kusonkhezera, kusefa ndi kutaya phulusa, kunyamula malasha ndi kupaka polishi zidatenga maola asanu ndi mphindi 26. Mwa nthawi imeneyi, maola awiri ndi mphindi zisanu ndi zinayi adathera pa kupaka polishi wakuda kuti chitsulo chisachite dzimbiri. N'chifukwa chake makadi a polishi wa chitofu, monga wa Rising Sun wa abale a Morse a ku Canton m'chigawo cha Massachusetts, ali m'gulu la makadi opezeka kwambiri mpaka lero. Chipangizo chimodzi chidabala ntchito yatsopano, ndipo ntchitoyo idabala malonda ena.

Chachiwiri ndi madzi. Nyumba zambiri za ku Amereka m'zaka zimenezo zidalibe mipopi, ndipo madzi onse ophikira, otsukira ndi ochapira ankatungidwa kuchitsime ndi kunyamulidwa pamanja. Chiwerengero china cha m'chaka cha 1886 chidasonyeza kuti mayi wa kumudzi m'chigawo cha North Carolina ankayenda mamailosi 148 pachaka potunga madzi okha, ndipo madziwo ankalemera matani oposa 36. Makina ofinyira zovala sankachotsapo ndowa ngakhale imodzi pa chiwerengero chimenechi. Chogayira nyama nacho chinkafunika kuchimasula, kutsuka ziwalo zake chimodzichimodzi, kuziumitsa bwino kuti zisachite dzimbiri, ndi kuzimanganso. Palibe khadi limene lidajambulapo mayi akutsuka chogayira nyama. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Akatswiri a mbiri yakale adaifufuza nkhaniyi mozama. M'chaka cha 1983 Ruth Schwartz Cowan adalemba buku lotchedwa More Work for Mother, mmene adaonetsa kuti zipangizo zambiri za m'zaka za m'ma 1800 zidapeputsa ntchito za amuna ndi ana koposa za amayi. Malasha atayamba kugulitsidwa, bambo adaleka kudula ndi kuwaza nkhuni. Ufa woyera wa m'mafakitale utatsika mtengo, bambo adaleka kunyamula matumba kupita kuchigayo. Koma mayi, amene kale ankaphika chakudya cha banja mumphika umodzi pamoto wapansi, tsopano adali ndi chitofu cha mafuwa anayi kapena asanu ndi limodzi pamodzi ndi uvuni, ndipo banja lidayamba kuyembekezera ndiwo zamitundumitundu, buledi wofufumitsa ndi keke. Wofufuza wina, Joann Vanek, adaonetsa m'chaka cha 1974 kuti mayi wa ku Amereka wosagwira ntchito yolembedwa ankathera maola pafupifupi 52 pamlungu pa ntchito zapakhomo m'zaka za m'ma 1920, ndipo m'zaka za m'ma 1960, nyumba zitadzaza ndi makina amagetsi, maolawo adali pafupifupi 55. Thukuta lidachepa ndithu, ndipo limeneli ndi phindu losayenera kulipeputsa. Koma nthawi yopuma imene makadi adalonjeza sidafike, chifukwa ntchito ikapepuka muyeso wa ukhondo ndi wa kaphikidwe unkakwera.

Chachitatu, chimenenso chili chowawa koposa, ndi m'mene makadiwa ankajambulira antchito. Pa kalembera wa m'chaka cha 1870, pafupifupi theka la akazi onse olembedwa ntchito ku Amereka adali antchito a m'nyumba za anthu. Ambiri mwa iwo kumpoto adali atsikana ochokera ku Ireland, ndipo kum'mwera adali amayi akuda, amene ukapolo wawo udali utangothetsedwa kumene m'chaka cha 1865. Pamakadi, mtsikana wa ku Ireland ankapatsidwa dzina la Bridget ndi nkhope yopusa, ndipo uthenga wake udali wakuti chipangizocho n'chosavuta kotero kuti ngakhale iyeyo angachigwiritse ntchito. Anthu akuda ankajambulidwa monyoza, ndi milomo ndi maso okokomezedwa, akulankhula Chingerezi chopotoka, ndipo otsatsa sopo ndi polishi wa chitofu ankapanga nthabwala za khungu lakuda mopanda manyazi. Amuna a ku China, amene ambiri ankadya za kuchapa zovala, ankajambulidwa akuthawa pamaso pa makina ochapira, m'zaka zomwezo pamene boma lidakhazikitsa lamulo la m'chaka cha 1882 loletsa antchito a ku China kulowa m'dzikomo.

Zithunzi zimenezi sizinkabisidwa. Zinkaperekedwa pakauntala kwa ana aang'ono, amene ankazimata m'mabuku awo pambali pa maluwa ndi amphaka. Mwana wokula akutsegula buku lotere ankaphunzira, popanda womuuza, kuti woyenera kukhala pampando ndani ndipo woyenera kugwada pansi ndi burashi ndani. Khoti lalikulu la dzikolo litavomereza tsankho losiyanitsa azungu ndi akuda m'chaka cha 1896, maganizo amene chigamulocho chidatsamira adali atalowa kale m'nyumba zambiri kudzera pa timapepala tokongola taulere. Anthu amene ankagwira ntchito yolemetsa koposa m'makhitchini ndiwo amene makadi ankawaseka, ndipo lonjezo la mpumulo silinkawakhudza iwo konse, pakuti linkalunjika kwa dona wa nyumba.

Nyengo ya makadi idatha mofulumira monga momwe idayambira. M'chaka cha 1885 boma lidatsitsa mtengo wotumizira magazini papositi kufika pa senti imodzi pa paundi. M'chaka cha 1893 Frank Munsey adatsitsa mtengo wa magazini yake kufika pa masenti 10, podalira kuti ndalama zenizeni zizichokera kwa otsatsa malonda, ndipo pasadathe zaka ziwiri inkasindikizidwa makope theka la miliyoni. Magazini ya amayi ya Ladies' Home Journal, imene idayamba ku Philadelphia mu 1883, idafika pa makope miliyoni imodzi m'chaka cha 1903. Kuyambira 1896 positi idayamba kufikitsa makalata pakhomo pa alimi a kumidzi, pamodzi ndi mabuku aakulu a katundu a makampani a Montgomery Ward ndi Sears, Roebuck. Wopanga katundu tsopano adatha kulankhula ndi amayi a dziko lonse pa tsamba limodzi, osadaliranso kuti wasitolo akumbukire kuika khadi m'phukusi. Ana nawo adatembenukira ku mapositikadi. Pamene chogayira zakudya cha Universal cha kampani ya Landers, Frary & Clark chinkatuluka m'chaka cha 1897, masiku a makadi adali akupita kumapeto. Ku Ulaya mwambowu udakhalitsako, pakuti kampani ya Liebig, yopanga msuzi wouma wa nyama, idapitiriza kugawa makadi ake mpaka m'chaka cha 1975.

Zipangizo zambiri zimene makadi adatamanda zidatsatira njira yomweyo. Simbi ya Mayi Potts idagonja kwa simbi yamagetsi. Chochotsera njere m'mphesa zouma chidasowa ntchito pamene mphesa zopanda njere za mtundu wa Thompson zidafala m'minda ya ku California. Zitofu zolemera zija zidagulitsidwa monga zitsulo zakutha n'kusungunulidwa. Koma makadi, amene adapangidwa kuti akhale masiku ochepa, ambiri adapulumuka chifukwa cha mabuku a ana aja, amene adaiwalika m'mabokosi ndi m'madenga a nyumba zakale kwa zaka makumimakumi. Anthu ena adaona kufunika kwake msanga. Ku London, makadi akale amene adatolera Sarah Sophia Banks, amene adamwalira mu 1818, akusungidwa ku British Museum. Ku Amereka, wogulitsa mabuku wina dzina lake Isadore Warshaw adathera moyo wake kutolera mapepala amalonda amene ena ankataya, ndipo m'chaka cha 1967 bungwe la Smithsonian la ku Washington lidagula chumacho. Makadi enanso ambiri ali ku Bodleian Library ku Oxford ndi ku Baker Library ya pa Harvard.

Wofufuza mbiri akatsegula mabokosi amenewa lero amapeza umboni umene mabuku a mbiri ya maboma ndi nkhondo alibe. Amaona kuti khitchini ya m'chaka cha 1885 inkaoneka bwanji, ziwiya zinkapachikidwa pati, mitengo yake idali yotani, ndi ntchito ziti zimene amayi ankaziopa koposa, pakuti wotsatsa sataya ndalama kulonjeza mpumulo pa ntchito yopepuka. Kuchuluka kwa makadi a zochapira ndi zositira ndi umboni wakuti Lolemba, tsiku lochapa, ndi Lachiwiri, tsiku losita, adali masiku owawa koposa pamlungu. Khadi ndi mboni yabwino kwa munthu wodziwa kulifunsa mafunso. Wolifunsa kuti chipangizocho chinkagwira bwanji, limamuyankha zoona. Wolifunsa kuti moyo wa mayi udasintha bwanji, limamuyankha zimene wogulitsa ankafuna kuti anthu akhulupirire.

Njira zotsatsira malonda zasintha kwambiri chichokere nthawi imeneyo, kuchoka pa khadi kupita ku magazini, kenaka ku wailesi, ku kanema ndi ku intaneti. Koma zithunzi ziwiri za pa khadi lopindika lija, cha mayi wotopa ndi cha mayi wosekerera, zikadagwiritsidwabe ntchito ndi otsatsa a m'maiko onse. Womvera amene wadziwa mbiri ya makadiwa angathe kufunsa mafunso amene mayi wa m'chaka cha 1880 adalibe pomufunsira: kodi chipangizochi chikuchotsa ntchito iti, chikubweretsa ntchito iti yatsopano, ndipo nthawi imene chaombola ipita kwa yani? Simbi ya Mayi Potts idayankha bwino funso loyamba, chifukwa woipanga adali munthu wodziwa yekha kuwawa kwa chigwiriro chotentha. Funso lachitatu silidayankhidwepo ndi makina alionse, pakuti yankho lake lagona pa m'mene anthu a m'nyumba imodzi amagawanirana ntchito.